Cifukwa Cake Buku Lathu Loyambira Lili ndi Mitundu Iwiri Yokha

 Pali funso limene lakhala likutipeza kawirikawiri pamisonkhano yathu. Mukuti: "Kalendala yopacika pakhoma ili ndi mitundu yonse, thambo, mitengo, nkhope za anthu. Nanga bwanji buku lathu loyambira lili ndi mitundu iwiri yokha, wakuda ndi wofiira? Kodi mpingo ukuumira ndalama, kapena anthu acikulire sayenera zokongola?"

Funsoli ndi loyenera, ndipo sitifuna kuliyankha ndi mau akuti ndi mmene ziliri basi. Osindikiza mabuku ali ndi njira ziwiri zoikira mitundu papepala. Tifuna kuti muzidziwe zonse ziwiri, pakuti tsiku lina inunso mudzatumidwa kukasindikiza masatifiketi a ophunzira, zikwangwani kapena timabuku ta m'dera lanu, ndipo ndalama zimene mudzanyamule zidzakhala zopereka za anthu osauka.

Zimene zinaticitikira

Ife tinaphunzira nkhaniyi mopweteka. Nthawi ina tinakonza kabuku ka maphatikizo, ndipo tinafuna kuti phatikizo latsopano la tsikulo lizioneka lofiira pakati pa zilembo zakuda, monga mu m'mau akuti mudzi, kuti diso la wophunzira ligwere pomwepo. Tinapereka nchitoyo kwa wosindikiza wina mumzinda, nitingomuuza kuti, "Apa pakhale pofiira." Iye sanatifunse kuti kufiirako akupange motani, ifenso sitinadziwe kuti pali cofunsa.

Patapita milungu ingapo mtsogoleri wina anatiuza za agogo ena a m'kalasi mwake amene anabweza bukulo nati, "Aphunzitsi, maso angawa atha. Zilembo zofiirazi ndikuziona ziwiriziwiri. Ndisiyeni ndizikalera adzukulu." Titaliyang'anitsitsa tinapeza kuti maso a agogo aja analibe mlandu. Cilembo cofiira ciliconse cinali ndi kamthunzi kacikasu kumbali yake. Munthu wozolowera kuwerenga sakasamala kamthunzi kotere, cifukwa mau amawadziwa kale. Koma kwa munthu amene akuyamba kumene kusiyanitsa m ndi n, kamthunziko ndi mwendo wina wa cilembo. Kamthunzi kaja kanacokera kuti? Kuti timvetse, tiyambe taona mmene makina amagwirira nchito.

Mtundu uliwonse ndi ulendo wake

Mabuku oculuka amasindikizidwa pa makina ochedwa ofuseti. Zilembo ndi zithunzi zimayamba zaikidwa pa cisulo copyapyala ca aluminiyamu, cimene osindikiza a kwathu kuno amati chapa. Si chapa yokwera ija ayi, dzina lokha ndilo lofanana. Chapayo amaikulunga pa cogudubuza. Pamene pali cilembo pamakakamira inki, pamene palibe kanthu pamagwira madzi, ndipo popeza mafuta ndi madzi sizigwirizana, inki siifika pamenepo. Kucoka pa chapa inki imapita pa mphira, kucoka pa mphira imapita papepala.

Gwirani mfundo iyi, pakuti zonse zotsatira zatsamira pa iyo: chapa imodzi imanyamula inki imodzi yokha. Mukafuna inki ziwiri papepala limodzi, pafunika chapa ziwiri, ndipo pepalalo lidzadindidwa kawiri. Mukafuna zinayi, chapa zinayi, kudinda kanayi.

Njira yoyamba: inki yosakaniziratu

Taganizani munthu amene afuna kupaka citseko ca nyumba ya mapemphero. Amatenga penti, nasakaniza m'citini mpaka mtundu umene aufuna utaoneka, kenaka n'kupaka. Mtunduwo wapangidwa kale usanafike pacitseko. Ndimo iliri njira yoyamba. Wosindikiza amatenga inki yofiira yeniyeni, kaya yogula yopangidwa kale, kaya yosakaniza yekha poyeza pa sikelo, naithira m'makina. Cilembo cofiira cimadindidwa kamodzi, ndi chapa imodzi, ndipo cimatuluka cathunthu, m'mphepete mwake mosongoka bwino. Pa Cipwitikizi njirayi amaichula cor directa, pa Cingelezi spot colour. Ife pano tiziti inki yosakaniziratu.

Njirayi mumaidziwa kale ngakhale simunaichulepo dzina. Cidindo ca mpingo cimene timadinda pa makalata ndico citsanzo capafupi: inki imodzi, kudinda kamodzi. Malaya a kwaya olembedwa dzina la mpingo pamsana nawonso kawirikawiri amasindikizidwa motero, mtundu uliwonse paokha.

Ndiyo njira yakale mwa ziwirizi, ndipo mbiri yake yayenda pamodzi ndi mabuku a mpingo. Mu 1457, mumzinda wa Mainz ku Germany, Johann Fust ndi Peter Schöffer anasindikiza buku la Masalmo lokhala ndi zilembo zakuda, ndipo zilembo zazikulu zoyambira ndime anazidinda ndi inki yofiira ndi yabuluu. Mu 1899, ku New York, Louis Klopsch anatulutsa Cipangano Catsopano m'mene mau olankhula Ambuye Yesu anasindikizidwa ofiira. Ena mwa inu munaonapo Baibulo lotere. Limenelo ndi buku la inki ziwiri, monga buku lathu loyambira.

Panali bvuto limodzi. Kufiira kwa wosindikiza wa ku Beira sikungafanane ndi kufiira kwa wosindikiza wa ku Tete ngati aliyense asakaniza mongoyerekeza ndi maso. Ifenso m'cinenero cathu mau amodzi akuti kufiira amanyamula magazi, dothi la katondo ndi phwetekere wakupsa. Cifukwa ca ici, mu 1963 Lawrence Herbert wa kampani ya Pantone ku America anatulutsa kabuku ka zitsanzo za mitundu. Mtundu uliwonse uli ndi nambala yake ndi muyeso wa kasakanizidwe kake. Mukati Pantone 485, wosindikiza wa dziko lililonse amadziwa kufiira kumene mukunena. Osindikiza aakulu amasunga kabukuka, ndipo mukhoza kupempha kuti akuonetseni.

Njira yaciwiri: inki zinayi

Tsono nanga cithunzi ca munthu ataima m'munda, cokhala ndi mitundu mazanamazana? Palibe amene angapange chapa mazana. Apa ndipo pamalowa njira yaciwiri.

Thirani pamphasa nyemba zofiira, zoyera ndi zakuda, muzisakanize, ndipo muime patali. Simudzaonanso nyemba imodziimodzi, mudzaona mtundu umodzi watsopano. Mukaonjeza zofiira, mphasa yonse idzaoneka yofiirira. Nyembazo sizinasinthe, kusakanizako kwacitika m'maso mwanu. Osindikiza amacita cimodzimodzi ndi timadontho ta inki tating'onoting'ono.

Inki zake ndi zinayi zokha, ndipo sizisintha. Yoyamba ndi buluu wowala wochedwa cyan. Yaciwiri ndi yofiira molowera ku pinki, yochedwa magenta. Yacitatu ndi yacikasu, yacinayi ndi yakuda. Mwacidule amalemba CMYK. Pa Cipwitikizi njirayi ndi quadricromia, pa Cingelezi process colour. Cithunzi cimagawidwa pa kompyuta kukhala chapa zinayi, ndipo chapa iliyonse imadinda timadontho take. Pamene pafunika mtundu wamphamvu timadontho timakula, pamene pafunika wofooka timacepa. Inki zimenezi zimaonekera mkati monga galasi lopaka utoto, conco zikagwerana zimabala mtundu wina. Cyan ndi cikasu zimabala kubiriwira, magenta ndi cikasu zimabala kufiira, cyan ndi magenta zimabala buluu wakuda. Kuyera kulibe inki, ndi pepala lenilenilo.

Nzeru yopanga mitundu yambiri ndi inki zocepa anayamba kuigwiritsa nchito Jacob Christoph Le Blon kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, podinda zithunzi ndi zitsulo zitatu, cabuluu, cacikasu ndi cofiira. Luso la timadontho linakhwima ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. M'magazini a pepala losalala mumakhala mizere ya timadontho pafupifupi 60 pa sentimita imodzi, m'nyuzipepala pafupifupi 33. N'cifukwa cake diso siliona timadontho, limangoona nkhope.

Musangokhulupirira ife, yesani nokha. Tengani kalendala yakale, mudonthezere kadontho ka madzi oyera pankhope ya munthu wa pacithunzi, ndipo muyang'ane pafupi. Madziwo amakulitsa monga galasi. Amene muli ndi foni ya kamera mungathe kujambula pafupi ndi kukulitsa. Mudzaona timadontho ta mitundu inayi titaundana ngati timaluwa. Kenaka citani comweco pa cidindo ca mpingo. Simudzapeza timadontho, mudzapeza inki yokhayokha. Ophunzira anu adzakondwera nako kuyesaku, ndipo ndi poyambira pabwino pa phunziro la maina a mitundu.

Kumene kamthunzi kanacokera

Tsopano tibwerere kwa agogo aja. Wosindikiza wathu sanathire inki yofiira m'makina. Anapanga kufiirako ndi inki ziwiri, magenta ndi cikasu. Cilembo ciliconse cinadindidwa kawiri, ndi chapa ziwiri zosiyana. Kuti cioneke cimodzi, kudinda kwaciwiri kuyenera kugwera ndendende pa koyamba. Koma pepala limatamuka likamwa cinyezi, ndipo chapa ikhoza kusuntha pang'ono. Kusuntha kocepa ngati tsitsi limodzi sikuoneka pa cithunzi ca mtengo, koma pa mwendo wopyapyala wa cilembo kumaoneka. Cikasu cinasuzumira kumbali, agogo n'kuyesa maso ao afa.

Wosindikiza waluso wokhala ndi makina abwino amagwirizanitsa chapa zake mosamala, ndipo zotere sizicitika kawirikawiri. Komabe cilembo ca inki imodzi sicingakhale ndi mthunzi wotere ngakhale makina atakalamba, cifukwa palibe cina coti cigwirizane naco. Ici ndico cifukwa cacikulu cimene buku loyambira lili ndi inki ziwiri zosakaniziratu. Nchito ya bukuli ndi kuonetsa maonekedwe a cilembo kwa munthu wa maso otopa, amene mwina akuwerenga madzulo ndi nyali yaing'ono.

Pali zinanso zimene inki yosakaniziratu imaposa nazo. Mtundu wake susintha kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, pamene pa inki zinayi, imodzi ikangoculuka pang'ono, kufiira kwa tsamba 5 kumasiyana ndi kwa tsamba 40. Ndiponso ilipo mitundu imene inki zinayi sizitha kuifikira: mtundu wowala wa lalanje lakupsa, kubiriwira kwina kowala kwambiri, ndi golide kapena siliva wonyezimira. Mukafuna mkombero wagolide pa satifiketi, pafunika inki yakeyake. Timadontho tidzangokupatsani cikasu cothimbirira.

Koma tisainyoze njira ya inki zinayi. Cithunzi cojambula ndi kamera sicingatuluke m'mitundu yake mwa njira ina. Ngati mukukonza kabuku kophunzitsa alimi kusiyanitsa tsamba la cimanga lodwala ndi lamoyo, kapena koonetsa amayi zizindikiro za matenda pakhungu la mwana, mtundu weniweni ndiwo phunziro lenilenilo. Pamenepo lipirani inki zinayi osadandaula.

Tiwerengere pamodzi

Mitengo imasiyana malo ndi malo, conco tiwerenge chapa m'malo mwa ndalama. Tiyerekeze buku la masamba 64. Wosindikiza amaika masamba 8 mbali imodzi ya pepala lalikulu ndi 8 mbali inayo, ndiye kuti bukulo lifuna mapepala aakulu 4, mbali 8. Ndi inki yakuda yokha, chapa zidzakhala 8. Ndi yakuda ndi yofiira, 16. Ndi inki zinayi, 32. Chapa iliyonse ili ndi mtengo wake, ndipo iliyonse imafuna nthawi yoikonza pa makina ndi mapepala oyesera amene amatayidwa. Ndalama yopita ku chapa 16 zoonjezerazo ikanagula mabuku ena, ndipo m'makalasi ambiri anthu atatu akali kugwirizira buku limodzi.

Musaganize kuti inki yosakaniziratu ndi yochipa nthawi zonse. Imachipa pamene mitundu ili yocepa. Onani mbendera ya dziko lathu, ija ili ndi buku, khasu ndi mfuti pa nyenyezi. Ili ndi kubiriwira, kuda, cikasu, kufiira ndi kuyera. Kuyera ndi pepala, ndiye kuti inki zosakaniziratu zifunika zinayi, chapa zinayi, cimodzimodzi ndi njira ya timadontho. Mukafika pa mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi, njira ya inki zinayi ndiyo yopepuka. Lamulo lake ndi ili: mitundu iwiri kapena itatu yopanda zithunzi za kamera, funsani inki yosakaniziratu, mitundu yambiri kapena zithunzi za kamera, funsani inki zinayi.

Dziwaninso kuti inki imodzi ikhoza kuoneka ngati zingapo. Inki yofiira yomweyo ikadindidwa mwa timadontho totalikirana imaoneka yofiirira pang'ono, ndipo yakuda imaoneka yotuwa. Wojambula waluso amakongoletsa tsamba ndi inki ziwiri zokha popanda kuonjeza chapa.

Makina opanda chapa

Masiku ano m'matauni muli malo ambiri osindikizira molunjika kucokera pa kompyuta, popanda chapa. Mukafuna masatifiketi 30 okha, kumeneko ndiko koyenera, pakuti kupanga chapa cifukwa ca mapepala 30 ndi kutaya ndalama. Koma makina ambiri otere ali ndi inki zinayi zomwe zija. Ngakhale muwauze nambala ya Pantone, makinawo adzangoyesa kuitsanzira ndi timadontho, ndipo mwina idzayandikira, mwina ayi. Kumenekonso tsamba lokhala ndi mau amodzi okha ofiira amaliwerengera mtengo wa tsamba la mitundu.

Aliponso makina ena opezeka m'maofesi a mipingo ndi masukulu, ochedwa Risograph, a kampani ya Riso ya ku Japan. Amenewa mtundu uliwonse uli ndi cogudubuza cakecake ca inki. Imeneyo ndi inki yosakaniziratu ndithu, ndipo amathandiza posindikiza mapepala mazana angapo pa mtengo wocepa.

Cenjezo lina ndi ili. Mtundu umene muuona pa kompyuta kapena pa foni ndi wa kuwala, wopangidwa ndi nyali zofiira, zobiriwira ndi zabuluu. Papepala palibe nyali. Conco cimene cikuwala pa foni cidzatuluka cozimirira papepala, makamaka pa pepala wamba losanyezimira limene limamwa inki, ndipo mabuku oyambira amafuna pepala lotero kuti wophunzira athe kulembapo ndi pensulo. N'cifukwa cake kabuku ka Pantone kamaonetsa mtundu uliwonse pawiri: nambala yotsatidwa ndi C ndi ya pepala losalala, yotsatidwa ndi U ndi ya pepala wamba.

Mukapita kwa wosindikiza

Akulu anati safunsa anadya phula. Ife tinalidya, ndipo sitifuna kuti inunso mulidye. Sungani mfundo izi.

1. Funsani poyamba: "Nchito iyi mudzaisindikiza ndi inki zingati, ndipo pa makina ati?" Pemphani mtengo wa inki imodzi, wa ziwiri ndi wa zinayi, olembedwa papepala.

2. Zilembo zowerenga zikhale za inki yakuda yokha. Nthawi zina kompyuta imapanga kuda posakaniza inki zonse zinayi, ndipo zilembo zazing'ono zimatuluka ndi mithunzi. Nenani momveka kuti mufuna yakuda yokhayokha.

3. Ngati zilembo zina zikhala zofiira, funsani ngati kufiirako ndi inki yakeyake kapena ndi magenta ndi cikasu. Ngati palibe njira ina koma yaciwiriyi, zilembozo zikhale zazikulu ndi zonenepa.

4. Sankhani mtundu pa kabuku ka zitsanzo, pa pepala lofanana ndi limene mudzagwiritse nchito, ndipo mulembe nambala yake. Caka camawa mukadzafuna mabuku ena, adzafanana ndi oyamba.

5. Musalole kuti asindikize zonse musanaone tsamba loyesera. Litengeni mukalionetse kwa wophunzira wacikulire kuposa onse m'kalasi mwanu. Iye akaliwerenga bwino, ndiye kuti lili bwino.

6. Kumbukirani kuti masamba ambiri adzapita pa fotokope. Pamenepo cikasu cimasowa, ndipo kufiira kumasanduka kwakuda kapena kotuwa. Aliponso anthu, makamaka amuna, amene anabadwa osasiyanitsa bwino kufiira ndi kubiriwira. Conco phatikizo latsopano lisadalire mtundu wokha. Likhalenso lonenepa kapena lokhala ndi mzere kunsi.

7. Ngati ndalama zilola, cikuto cokha cikhale ca inki zinayi, m'kati mukhale inki ziwiri. Cikuto cimakopa munthu kuti atole buku, koma amaphunzira ndi za m'kati.

Tsono wophunzira akadzakufunsani cifukwa cake buku lake silifanana ndi kalendala, musacite manyazi, ndipo musamuuze kuti mpingo ndi wosauka basi. Muuzeni kuti kalendala anaipangira kuyang'ana patali, pamene buku lake analipangira kuyang'anitsitsa pafupi, cilembo cimodzicimodzi. Muonetseni timadontho ndi kadontho ka madzi kaja, aone yekha.

Agogo aja anabwerera m'kalasi. Mtsogoleri wao anawalembera maphatikizo onse pamanja, ndi colembera cofiira, pa mapepala aakulu, kufikira titasindikizanso kabukuko ndi inki ziwiri. Koma sitidziwa kuti ndi angati ena amene anaona mithunzi yomweyo, nangokhala cete, nasiya kubwera. Cifukwa ca iwowa tikupemphani kuti buku latsopano lililonse likafika, muliyang'anitsitse musanaligawe, ndipo mukaona colakwika mutilembere msanga. Ambuye akupatseni mphamvu pa nchito imene mukugwira.